Makilo anayi a soya anagwera kuti? Tiyeni timvetsetsane za mass, weight ndi gravity

Loweruka lapitali ndinaperekeza azakhali anga kukagulitsa soya pamsika wathu uno. Tisananyamuke tinayeza thumba lija pa sikelo ya aneba athu amene amagulitsa ufa, ndipo inawerenga makilo 50. Tinalikweza pa njinga, ulendo wake wosakwana mphindi 20. Titafika kwa venda wina pansi pa mtengo wa mango, anakoleka thumba pa sikelo yake yolendewera ija, muvi n'kuima pa 46.

Azakhali anangoti, "Achimwene, makilo anayi agwera kuti? Thumbali silinabooke ayi."

Venda uja sanachite n'komwe manyazi. "Mayi, masikelo amasiyana. Komanso kuno n'kumtunda, katundu amapepuka. Funsani mwana wanu wophunzirayu, ndi za gravity zimenezi."

Azakhali anandiyang'ana. Ine, munthu woti ndinalemba mayeso a Physics ku Fomu 4, ndinangoti kukamwa yasa. Madzulo ake ndinaiponya nkhaniyi pa gulupu yathu ya WhatsApp, ndipo mkangano unafika mpaka pakati pa usiku. Ena ankati venda akunena zoona, ena ankati ndi mbava basi, wina n'kumati gravity kulibe, ndi nkhani za azungu. Ndiye ndinafukula makope anga akale n'kuwerenganso. Zimene ndapeza ndi izi: m'mawu a venda uja muli kachoonadi kakang'ono kwambiri, koma kachoonadi kameneko sikangadye makilo anayi. Kuti mumvetse chifukwa chake, tiyenera kulekanitsa zinthu zitatu zimene timazisakaniza tsiku ndi tsiku.

Vuto likuyambira pa mawu oti "kulemera"

M'Chichewa tili ndi mawu amodzi ogwira ntchito ziwiri. Mayi akapita ndi mwana ku sikelo, amauzidwa kuti mwana akulemera makilo 9. Munthu akasenza chigubu cha madzi, amadandaula kuti chikulemera, khosi likuwawa. Mawu ndi omwewo, koma m'sayansi izi ndi zinthu ziwiri. Choyambacho chikunena za kuchuluka kwa thupi la mwanayo. Chachiwiricho chikunena za mphamvu imene ikukanikiza khosi. Asayansi choyambacho amachitcha mass, chachiwiricho weight. Ndipo chimene chimalumikiza ziwirizi ndi gravity.

Musaganize kuti ndi ife tokha amene timasokoneza. Ngakhale eni Chingerezi akakwera pa sikelo amanena weight pamene akutanthauza mass. Pocheza palibe vuto. Vuto limabwera pa mayeso, kapena pamene wina akufuna kukuphimbani m'maso ndi mawu akuluakulu ngati mmene anachitira venda uja.

Mass: kuchuluka kwa chinthucho

Mass ndi kuchuluka kwa zimene zapanga chinthu. Thumba la soya lili ndi njere zakutizakuti, ndipo njerezo sizichepa chifukwa mwalisuntha. Mulitengere ku Nsanje, mulikweze pamwamba pa phiri la Mulanje, kaya mulitumize ku mwezi, soya wake ndi yemweyo. Ngati mukanaphika phala ndi soya ameneyo ku mwezi, likanakwanira anthu omwewo amene likanawakwanira kuno. Mass timaiyeza m'makilogalamu ndi magalamu.

Njira ina yomvetsera mass ndi iyi: ndi kukanika kwa chinthu kuti chiyambe kuyenda, kapena kuti chiime chikakhala kuti chikuyenda. Anzathu a kabaza amaidziwa bwino nkhaniyi ngakhale sanailembe pa mayeso. Njinga yopanda katundu umangopalasa kamodzi yanyamuka, ukagwira buleki yaima pomwepo. Koma ikasenza matumba atatu a makala, poyamba imavuta kunyamuka, ndipo ikathamanga imavutanso kuima. Msewu ndi womwewo, wopalasa ndi yemweyo, chasintha ndi mass. N'chifukwa chake lole yodzaza simenti singaime pafupi ngati kagalimoto kakang'ono, ndipo woyenda pansi amene amadumpha msewu patsogolo pake akusewera ndi moyo.

Mass imasintha pokhapokha ngati mwachotsa kapena kuwonjezera chinachake. Thumba likabooka, mass yatsika. Chimanga chikauma, madzi amene anali m'njere atuluka, mass yatsikadi. Munthu akadwala n'kuwonda, mass yatsika. Koma kungosintha malo sikuchotsa ngakhale njere imodzi.

Gravity: chokoka chosaoneka

Gravity ndi mphamvu imene chinthu chilichonse chokhala ndi mass chimakokera chinzake. Chinthu chikakhala ndi mass yambiri, chimakoka mwamphamvu. Zinthu zikatalikirana, kukokanako kumachepa. Amene analongosola lamulo limeneli ndi masamu ake ndi Isaac Newton wa ku England, m'buku lake lotchedwa Principia limene linatuluka mu 1687. Chimene chinadabwitsa anthu pa nthawiyo n'chakuti mphamvu imene imagwetsa chipatso mumtengo ndi yomweyo imene imachititsa mwezi kuzungulira dziko lapansi, ndi dziko kuzungulira dzuwa.

Zoona zake n'zakuti inu ndi foni yanuyo mukukokana panopa. Kungoti mass yanu ndi ya foniyo n'zazing'ono kwambiri moti kukokanako sikumveka. Koma dziko lapansi ndi chimphona, ndiye kukoka kwake timakumva pa chilichonse: bango likagwa, mvula ikamatsika, madzi a mu Shire akamalowera kumunsi.

Pano pa dziko lapansi, gravity imakoka kilogalamu iliyonse ndi mphamvu ya manyutoni pafupifupi 9.8. Nyutoni ndi muyezo wa mphamvu, dzina lake linachokera kwa Newton yemwe uja. Kuti mumve kukula kwake, ikani phwetekere mmodzi wa magalamu 100 pa chikhatho: mphamvu imene akukanikiza dzanja lanu ndi pafupifupi nyutoni imodzi. Nambala ya 9.8 ija ndi imene m'makalasi amaitcha g, ndipo kawirikawiri aphunzitsi amangoti tigwiritse ntchito 10 kuti masamu aphweke.

Kumaiko ena a m'mlengalenga nambalayi ndi ina. Ku mwezi ndi pafupifupi 1.6, kutanthauza gawo limodzi mwa magawo 6 a kuno. Ku Mars ndi pafupifupi 3.7. Ku Jupiter imapitirira 24.

Weight: zotsatira za ziwirizo

Tsopano weight ndi mphamvu imene gravity ikukokera chinthu chinachake. Si katundu amene chinthucho chimayenda naye ngati mass ayi, imadalira kumene chinthucho chili. Masamu ake ndi achidule: weight ndi mass kuchulukitsa ndi g. Popeza ndi mphamvu, timaiyeza m'manyutoni, osati m'makilogalamu.

Titenge thumba la azakhali lija. Mass yake ndi makilogalamu 50. Pano pamsika, 50 kuchulukitsa ndi 9.8 ikutipatsa manyutoni 490. Ku Mars likanakhala manyutoni pafupifupi 185. Ku mwezi, manyutoni pafupifupi 80 okha. Kumeneko mwana wa Sitandade 5 akanatha kulinyamula, chifukwa likanamveka ngati makilo 8 a kuno. Koma soya wake akadali makilogalamu 50. Ndipo mutati muliponyere mnzanu pachifuwa kumwezi komweko, limugwetsa ndithu, chifukwa mass ija, kukanika kuima kuja, sikunapite kulikonse.

Ndiye mwachidule: mass ndi chimene muli nacho, gravity ndi chimene chikukoka, weight ndi kukula kwa kukokedwako. Amene mukukonzekera JCE kapena MSCE, apa ndi pamene malikisi amathawira. Funso likati pezani weight, inu n'kulemba yankho m'makilogalamu, mwaluza ngakhale nambala ili yolondola.

Nanga cholemera chimagwa msanga?

Pa gulupu paja mnzathu wina anati, "Ngati dziko limakoka mwamphamvu chinthu cha mass yambiri, ndiye kuti njerwa iyenera kufika pansi msanga kuposa kamwala." Zikumveka zanzeru, ndipo anthu anakhulupirira zimenezi kwa zaka mazanamazana mpaka Galileo wa ku Italy atazitsutsa. Chinsinsi chake n'chakuti njerwa imakokedwadi mwamphamvu, koma ndi yovutanso kuiyendetsa chifukwa cha mass yake yomweyo. Ziwirizi zimafafanizana ndendende. Mapeto ake, njerwa ndi kamwala zimawonjezera liwiro mofanana, mamita 9.8 pa sekondi m'sekondi iliyonse, n'kufika pansi limodzi.

Chimene chimatisokoneza ndi mpweya. Nthenga kapena pepala zimachedwa chifukwa mpweya umazitchinga. Yesani nokha: tengani mapepala awiri ofanana, limodzi mulifinye likhale kampira, linalo mulisiye lotambasuka, muwaponye limodzi. Mass ndi yofanana, koma lofinyalo lifika msanga. Mu 1971, David Scott wa ulendo wa Apollo 15 anaima pa mwezi, kumene kulibe mpweya, n'kusiya hamala ndi nthenga nthawi imodzi. Zinafika pansi limodzi. Vidiyo yake ilipo pa YouTube, ndipo ndi yaifupi, siikudyerani bandulo.

Nanga aja amayandama m'mlengalenga aja?

Wina anaponya vidiyo ya anthu akuyandama mu International Space Station n'kulemba kuti, "Onani, kumwamba kulibe gravity." Apanso ndi pamene ambiri timaphonya. Chombo chimenechi chili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 400 kuchokera pansi, ndipo pamenepo gravity ikadali yamphamvu, pafupifupi magawo 90 pa 100 alionse a imene tili nayo kuno. Kukanakhala kuti kulibe, chombocho chikanangopita osabwereranso.

Chimene chikuchitika n'chakuti chombocho, pamodzi ndi anthu ake, chikugwa nthawi zonse. Koma chikuthamanganso cham'mbali pa liwiro la makilomita pafupifupi 28,000 pa ola, moti pamene chikugwa, dziko nalo likupindika pansi pake, ndiye sichifika pansi. Chimazungulira dziko lonse m'mphindi pafupifupi 90. Popeza munthu ndi pansi pamene akanaponda zikugwera limodzi, palibe chimene chikumukankha kumapazi, ndiye amayandama. Mudamvapo m'mimba kuti myuu minibasi ikadumpha bampu mothamanga, thupi n'kunyamuka pampando kwa kamphindi? N'chimodzimodzi, kungoti kwa iwo kamphindi kameneko sikatha.

Gwirani mfundo iyi chifukwa tiibwerera: munthu woyandamayo ataima pa sikelo wamba, ingawerenge ziro, chonsecho thupi lake lonse lilipo. Sikelo yotere siiona mass. Imangomva mphamvu imene ikuikanikiza kapena kuikoka.

Sikelo imayeza chiyani kwenikweni?

Masikelo amene timawaona m'tauni muno ali m'magulu awiri. Gulu loyamba ndi la sikelo ya mbali ziwiri, ija ya m'mabutchala ena, imene mbali imodzi amaika nyama, mbali inayo miyala yachitsulo yolembedwa 1 kg kapena 500 g. Imeneyi imafananitsa mass ndi mass. Gravity imakoka mbali zonse mofanana, ndiye kaya muli kuchigwa, kaya kuphiri, kaya ku mwezi, yankho ndi lomwelo. Ikhoza kukunamizani ngati mwala wakewo uli wosakwana kapena sikeloyo ili yopendekeka isanaikidwe kanthu.

Gulu lachiwiri ndi la sikelo yolendewera ya mavenda, sikelo yoimapo ya kuchipatala, ndi masikelo a manambala oyendera mabatire. Yolendewerayo ili ndi sipuling'i mkati: mukaikoka kwambiri imatamuka kwambiri, n'kuyendetsa muvi. Ya manambala ili ndi kachitsulo kamene kamapindika pang'ono kwambiri kakakanikizidwa, ndipo magetsi amawerenga kupindikako. Onsewa amamva weight, koma manambala ake anawalemba m'makilogalamu poganiza kuti g ndi 9.8. Kunena kwina, sikeloyo imamva mphamvu n'kukuchitirani masamu obwerera ku mass.

Apa ndiye pagona kachoonadi ka venda uja. Ngati g yasintha, sikelo ya sipuling'i iwerenga zosiyana. Ndipo g imasinthadi pang'ono malo ndi malo. Ku equator ndi pafupifupi 9.78, kumapeto a dziko kozizira kuja ndi pafupifupi 9.83. Ukamakwera phiri imatsikanso pang'ono chifukwa ukutalikira pakati pa dziko.

Koma tiyeni tiwerengere. Nsonga ya Sapitwa pa phiri la Mulanje, malo okwera kwambiri m'Malawi muno, ili pa mamita 3,002. Mutanyamula thumba la makilo 50 kuchokera kuchigwa cha Shire mpaka pa Sapitwa, sikelo ya sipuling'i ingatsike ndi magalamu osafika 50. Kadzanja kamodzi ka soya. Ngakhale mutachoka nalo kumapeto kwa dziko mpaka ku equator, kusiyana kwake ndi pafupifupi kota ya kilo. Kuti thumba la makilo 50 liwerenge 46 chifukwa cha kukwera kokha, muyenera kulikweza makilomita opitirira 250 m'mwamba, mtunda wonga wochoka ku Blantyre kupita ku Lilongwe koma wolunjika kumitambo. Ndege zonyamula anthu zimauluka cha pa makilomita 10 mpaka 12 basi. Ife tinangokwera kachitunda ka kuseri kwa sukulu, pa njinga.

Ndiye makilo anayi aja anagwera kuti?

Ngati mass siinasinthe, ndipo gravity siinasinthe moti n'kuoneka, chatsala ndi sikeloyo kapena kayezedwe kake. Pali njira zingapo zimene sikelo yolendewera imanamira, mwadala kapena mwangozi.

Yoyamba ndi poyambira muvi. Masikelo amenewa amakhala ndi kasikuluwu kosinthira muvi kuti uyambire pa ziro. Muvi ukayambira kumbuyo kwa ziro, thumba lililonse liperewera ndi makilo omwewo. Izi ndi zimene ndinaona venda uja atatsitsa thumba lathu: muvi sunabwerere pa ziro, unapitirira chakumbuyo. Kaya anachita dala kaya sikelo yake inatopa, mtima wake sindinauone. Koma ndalama zimene zikanatayika zinali za azakhali.

Yachiwiri ndi sipuling'i yokalamba, yadzimbiri, kapena yosinthidwa. Imeneyi ikhoza kuyambira pa ziro bwinobwino koma n'kumaperewera kwambiri katundu akamachuluka.

Yachitatu ndi imene imafuna maso. Kumbukirani kuti sikelo imangomva mphamvu imene ikuikoka. Ngodya ya thumba ikakhudza pansi, kapena woyezayo akalitsamiritsa pa bondo lake, kapena akaligwira ngati akuliletsa kugwedezeka koma akulinyamulira m'mwamba pang'ono, gawo la weight likupita ku bondo kapena ku dzanja m'malo mopita ku sipuling'i. Soya yense alipo, koma muvi watsika. Pogula nyama kapena nyemba, chinyengo chake chimatembenuka: chala chimakanikiza mbale kuti muvi ukwere.

Tiyerekeze kuti kilo ikugulidwa pa K1,000. Makilo anayi ndi K4,000 pa thumba limodzi. Mlimi wobweretsa matumba 10 wasiya K40,000 pansi pa mtengo wa mango, ndalama yoti ikanathandiza pa feteleza kapena fizi ya mwana.

Chilungamo chifunikanso mbali inayo. Si nthawi zonse pamene wogula ndi wolakwa. Mukayeza chimanga chosauma bwino lero n'kukachigulitsa pakatha milungu iwiri, chipepukadi, ndipo kumeneko ndi kutsika kwenikweni kwa mass chifukwa madzi auluka. Komanso ndowa kapena chigoba sizimayeza mass, zimayeza malo amene katundu watenga. Ndowa ya mtedza wosasenda ndi ndowa ya chimanga sizingafanane makilo.

Zimene mungachite musanagulitse

Musanakoleke thumba, yang'anani muvi ngati uli pa ziro. Thumba likakolekedwa, aliyense achotse manja, lilendewere lokha osakhudza pansi, mtengo kapena mwendo wa munthu, ndipo dikirani muvi ukhazikike.

Mukakayikira, yesani sikeloyo ndi chinthu chimene mukudziwa mass yake. Madzi ndi mboni yosavuta kupeza: lita imodzi ya madzi ndi kilogalamu imodzi. Chigubu chokhala ndi malita 20 a madzi chiyenera kuwerenga makilo 20, kuwonjezerapo pang'ono pa chigubu chenichenicho. Pa masikelo ang'onoang'ono, paketi ya shuga ya kilo imodzi yosatsegula imagwira ntchito yomweyo. Wogula wachilungamo sangakane kuti muyese.

Dziwaninso kuti kilogalamu si maganizo a munthu. Kuyambira mu 1889, dziko lonse linkatsatira kachitsulo kamodzi kosungidwa ku Sèvres, pafupi ndi Paris ku France, ndipo mu 2019 asayansi anasintha n'kuimangirira pa nambala yosasintha ya m'chilengedwe yotchedwa Planck constant. Cholinga chake n'chimodzi: kilo ya ku Mchinji ikhale yofanana ndi kilo ya ku Tokyo. Kuno kwathu, bungwe la Malawi Bureau of Standards ndi limene lili ndi udindo woyeza masikelo ogwiritsidwa ntchito pa malonda, ndipo sikelo yoyezedwa imakhala ndi chizindikiro chawo. Muli ndi ufulu wofunsa kuti muchione, komanso wokadandaula kwa iwo kapena kwa akuluakulu a msika.

Ife tsiku lija tinakwezanso thumba lathu pa njinga n'kupita kwa wogula wina kumunsi kwa msika. Sikelo yake inawerenga 50. Pobwerera ndinayesa kuwafotokozera azakhali za manyutoni ndi za mwezi, iwo n'kungondidula: "Iwe, zonsezo wakumbukira pano? Paja unali duu ngati wamwa phala lotentha."

Sindinawayankhe, chifukwa ankanena zoona. Sabata yamawa akukagulitsa mtedza, ndipo ndawauza kuti ndiwaperekezanso. Chigubu cha malita 20 ndachitsuka kale. Ngati nanunso munakumanapo ndi sikelo yodya makilo m'misika ya m'tauni muno, tiuzeni mmene zinathera.